Thumba la m'bandakucha

Nyumba yathu inathyoledwa usiku wina wa mwezi wa Julaye, chiperoni chitagwira masiku atatu osapumira. Amene anakhalapo ku Thyolo akuudziwa usiku wotere: nkhungu imatsika kuchokera m'minda ya tiyi n'kuphimba msewu, mvula yamawawa imangonong'ona pa malata, ndipo munthu ukalowa m'bulangete sumva ngakhale kulira kwa mwana wa pakhomo loyandikana nalo. Akubawo sanalimbane ndi chitseko chachitsulo chimene chinandidyera malipiro a mwezi wathunthu, ndiponso sanakhudze zitsulo za m'mawindo. Anazungulira kuseri kumene kuli chipinda chosungiramo katundu, anathira madzi pakhoma mpaka dothi lomangira linafewa, kenaka anazula njerwa imodziimodzi n'kuzisanja pambali mwadongosolo ngati mmisiri amene akufuna kudzazigwiritsanso ntchito. Mulu wa njerwa umenewo unandipweteka mtima kuposa katundu amene anapita, chifukwa unandiuza kuti anthuwo anali ndi nthawi yokwanira, ndipo ankadziwa chipinda chimene sitigonamo.

Atalowa anatsegula chitseko chakuseri n'kutulutsa batire la sola, matumba awiri a chimanga ndi njinga yakapalasa ya mwana wathu woyamba. Galu wathu tinam'peza kuseri kwa chimbudzi atauma, thovu lili kukamwa, pambali pake pali fupa limene mosakayika linapakidwa tameki.

Kutacha anthu anabwera ngati pagwa zovuta. Amayi anakhala pa mkeka, abambo anaima mozungulira chibowo chija manja ali kumbuyo, ndipo aliyense akamaliza kunena kuti pepani ankayamba kufotokoza zake. Wina anam'bera nkhuku zonse m'khola n'kumusiyira tambala yekha, wina anadzuka n'kupeza madzi akungotayika chifukwa mita inali itazulidwa, mayi wina anaanika zovala za ana a sukulu n'kupita kuchigayo, pobwerako anapeza chingwe chokhachokha. Nditawafunsa kuti ndi angati mwa iwo anakadandaula ku polisi, mmodzi yekha ndiye anavomera, ndipo iyeyo anapitako chifukwa chimene chinabedwa chinali foni ya kuntchito ndipo abwana ake ankafuna kalata. Enawo sanachite manyazi kufotokoza chifukwa chake. Ndalama ya kabaza kupita ndi kubwerera imatha kuposa mtengo wa nkhuku yobedwayo, tsiku lonse limathera pa benchi, ndipo kawirikawiri amene ukumuganizira ndi mwana wa mnzako amene mudzakumane pamaliro sabata yamawa. Nkhani yotere anthu amakonda kuitengera kwa a mfumu, kapena kungoimeza.

Ine ndinapita. Wapolisi amene ndinam'peza anandilandira mwaulemu, analemba zonse m'buku lalikulu la pa kauntala, ndipo madzulo ake anzake awiri anabwera kudzaona chibowocho. Pobwerera ndinayamba kuganizira ziwerengero zimene aneneri a polisi amalengeza pa wailesi chaka chikamatha, zoti milandu yatsika kapena yakwera ndi maperesenti akutiakuti poyerekeza ndi chaka chatha. Sindikukayika kuti amawerenga moona zimene zili m'mabuku awo. Koma pa anthu onse amene anali pakhonde panga m'mawa umene uja, m'bukumo munali mayina awiri okha. Choncho milandu ikatsika pa pepala, zikhoza kutanthauza kuti akuba achepa, komanso zikhoza kutanthauza kuti mtengo wa kabaza wakwera kapena anthu atopa kudandaula. Milandu ikuluikulu monga kupha munthu, kulanda njinga yamoto kapena kuthyola golosale ndiyo imalembedwa ndithu, pakuti singabisike. Umbava wa tsiku ndi tsiku, umene umachititsa mayi kugona ndi mbuzi m'nyumba, sulowa m'chiwerengero cha aliyense.

Malo amene tikukhala ali m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kudutsa ku Bvumbwe ndi paboma la Thyolo mpaka ku Luchenza ndi ku Muloza. Zaka makumi awiri zapitazo unali mudzi weniweni, koma lero sindidziwa dzina loutchula, chifukwa si mudzi ndiponso si tauni. Eni minda anaidula m'mapoloti n'kugulitsa kwa anthu onga ine, amene timagwira ntchito ku Limbe ndi ku Blantyre koma tinathawa lendi ya mumzinda. Timachoka kusanache, timabwerako kutada, ndipo Loweruka timakhala mkati mwa mipanda ya njerwa imene pamwamba pake tinaikapo mabotolo oswa. Kunja kwa mipandayo kukukhalabe eni mudzi, m'nyumba zazing'ono, pa kamunda kotsala. Ndinakhala pamalopa zaka zinayi ndisanadziwe dzina la munthu amene munda wake wa nandolo ukugundana ndi mpanda wanga. Iyeyo ankadziwa nthawi imene ndimatuluka ndi nthawi imene ndimabwera, koma analibe chifukwa chilichonse chodzukira usiku atamva kugogoda kuseri kwa nyumba yanga, ndipo sindimuimba mlandu.

Umbava wa kuno uli ndi nyengo zake, ndipo aliyense amene wakhalitsa angakuwerengereni ngati kalendala ya ulimi. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, kumabedwa mondokwa ndi chinangwa m'minda. Mvula ikatha ndipo tiyi akasiya kuphuka mwamphamvu, maesiteti amachepetsa antchito aganyu, ndipo apa m'pamene nyumba zimathyoledwa kwambiri. (M'boma lino mawu oti kuthyola ndi amodzi omwewo kwa wothyola tiyi ndi kwa wothyola nyumba, ndipo anthu amachita nawo nthabwala zimene siziseketsa kwenikweni.) Makadamiya akakhwima, alonda a m'maesiteti sagona. Pansi pa zonsezi pali nkhani ya malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndondomeko ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja ena kupita nawo ku Machinga ndi ku Mangochi, koma otsala ndiwo ambiri. Nthochi, zimene zinaphunzitsa ana a ku Thekerani ndi madera ena, zinatha ndi matenda a chisaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi maperesenti 44. Mnyamata amene wakulira m'zinthu zonsezi ali ndi manja amphamvu koma alibe poti awagwiritse ntchito.

Komabe sindifuna kuti umphawi ukhale chofunda cha aliyense, pakuti amphawi ambiri amene ndikuwadziwa sanabepo ngakhale singano, ndipo iwo ndiwo amaberedwa kwambiri chifukwa alibe mpanda. Wothyola nyumba amaba chimene akudziwa kuti chili ndi wogula. Batire langa silinadyedwe ndi munthu wanjala. Linagulidwa ndi munthu wa nyumba yamalata ngati yanga, amene anasangalala kuti wapeza chinthu chotchipa ndipo sanafunse kumene chachokera. Ineyo ndinagulapo foni pamsika kwa mnyamata amene anandiuza kuti ndi ya mlongo wake, ndipo ndinavomera bodzalo chifukwa mtengo unali wabwino.

Patatha sabata ziwiri chithyoledwere nyumba, ndinalowa m'gulu la a nebahudu. Ndondomeko yoti anthu azithandizana ndi apolisi poteteza madera awo inayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limaizindikira. Pa pepala, ntchito ya gulu lotere ndi kukhala maso ndi makutu: kuona, kuchenjeza, ndipo ngati lagwira munthu, kukam'pereka ku polisi mosachedwa ndiponso osam'pweteka. Kwathu kuno nyumba iliyonse imasonkha kangachepe pamwezi kogulira mabatire a tochi ndi kuthokozera anyamata amene amalondera usiku uliwonse, ndipo eni nyumbafe timasinthana kuwaperekeza. Anandipatsa wezulo womanga pa chingwe cha nsapato. Chibonga ndinasema ndekha kuchokera ku nthambi ya bulugamu, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti pochisema ndinkaona nkhope ya munthu amene anapha galu wanga, ngakhale kuti nkhopeyo sindinaionepo.

Usiku wanga wachitatu kunalinso nkhungu. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, titabisala pafupi ndi mlatho waung'ono umene uli pa kanjira kochokera kutsidya la mtsinje. Cha m'ma 3 koloko tinamva mapazi, kenaka tinaona chithunzithunzi cha munthu atasenza thumba lalikulu pamutu, akuyenda mofulumira ndiponso wopanda tochi. Mmodzi wa anyamata aja anakuwa kuti, "Ima pomwepo!" Munthuyo, atamva mawu mumdima ndi kuona zikwanje zikung'anima, anaponya thumba pansi n'kuyamba kuthawa. Mawezulo analira, zitseko zinatseguka, ndipo mawu oti wakuba anayenda m'mudzi monse mwachangu kuposa ife amene tinkathamanga. Tinam'gwira m'munda wa mbatata atapunthwa pa mzere. Anagwada, manja ali m'mwamba, akunena mobwerezabwereza kuti, "Ndine wanu, mabwana, ndine wanu, musandiphe." Palibe anamumvera. Zibonga zinatsika, ndipo china mwa izo chinali changa. Ndinamumenya kamodzi, pa dzanja limene anatchinjiriza nalo mutu, ndipo ndinamva phokoso la chinthu chothyoka. Kumbuyo kwathu kunali kutadzaza kale anthu, ena atafunda zitenje, ena ali ndi miyala, ndipo ndinamva bwinobwino mawu a munthu wina akufunsa ngati pali amene ali ndi petulo m'njinga yake.

Anam'pulumutsa ndi agogo ena aakazi amene nyumba yawo ili pafupi ndi mundawo. Anadutsa pakati pathu akugogoda ndodo yawo, analanda tochi m'manja mwa a tcheya athu, n'kumuunika kumaso. "Kodi iwe si mwana wa mayi aja a dimba la kutsidya?" anafunsa motero. Mnyamatayo anayankha akulira kuti, "Ndine ndemwe, agogo." Agogowo anatembenukira kwa ife n'kunena kuti, "Nanga thumbalo mwamasula, abambo inu?" Tinali tisanamasule. Awiri anathamanga kukalitenga, ndipo atadula chingwe munatuluka mitolo ya mpiru ndi chayinizi, yomangidwa ndi luzi, ikadali ndi mame. Mnyamatayo ankathamangira kumsewu kuti akapeze galimoto yoyamba yopita kumsika wa ku Limbe, kumene ogula ambiri amafika kusanache. Anathawa chifukwa ankaganiza kuti ifeyo ndife achifwamba.

Chiyambire usiku umenewo ndakhala ndikuwerenga anthu amene amayenda m'boma lino nthawi imene ife a m'mipanda timati ndi ya akuba. Othyola tiyi amayenda mtunda wautali ndi madengu awo kuti akafike kumunda kukamayera. Alimi a ng'ombe zamkaka amakwera njinga ndi zigubu kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Amayi a masamba ndi tomato a ku Bvumbwe ndiwo amadyetsa Blantyre, ndipo sangatero atadikira dzuwa. Palinso alonda obwerera kwawo, akabaza, ndi munthu amene mkazi wake wayamba kumva zowawa za uchembere. Nkhani ya Mayeso Gwanda inachokera pa zomwezi. Iyeyu anali wogulitsa majumbo amene anamangidwa mu 2015 akuyenda m'bandakucha kupita ku Limbe, pa mlandu wakale uja wongoyendayenda popanda chifukwa chomveka, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene anamangidwira, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Khoti linaletsa apolisi kumanga munthu chifukwa chongoyenda usiku ali wosauka, koma ife pa mlatho paja tinachita zoposa kumanga.

Ndipo si zachilendo m'dera lino. Akuluakulu amakumbukira chaka cha 1953, pamene anthu anali atatopa ndi thangata ndiponso atakwiya ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu Ogasiti chaka chimenecho, pa esiteti ina ya kufupi ndi Luchenza anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje, ndipo mphekesera inafalikira yoti azungu a pamalopo ndi achifwamba, mawu amene nthawi imeneyo ankatanthauza ogwira anthu kuti akawadye. Zipolowe zimene zinatsatira zinafalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu 11 anafa. Mu 2017 tonse tinaona ndi maso athu nkhani ya anamapopa, imene inagwira Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje isanafike ku Blantyre. Anyamata anatseka misewu ndi mitengo, anthu ankagona panja m'magulu, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Wopopa magazi sanapezeke ngakhale mmodzi. Ena mwa amene anafa anali alendo, odwala, ndi anthu amene analephera kufotokoza msanga kuti ndi ana a yani. Nthawi imeneyo ine ndinali m'gulu la anthu ophunzira amene ankapukusa mitu n'kumati umbuli ndi woopsa, osadziwa kuti pankangofunika batire limodzi ndi galu mmodzi kuti nanenso ndinyamule chibonga.

Ndikafunsa anzanga a nebahudu chifukwa chimene amayambira kumenya asanafunse, yankho limakhala limodzi: ukam'pereka ku polisi, mawa um'peza akumwa tiyi pamsika. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa, chifukwa palibe chowawa ngati kukumana pa njira ndi munthu amene unam'gwira dzana ali ndi mbuzi yako. Koma zambiri zimene timazitcha ziphuphu ndi lamulo chabe. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo, imene ku polisi ndi yaulere. Belo sikutha kwa mlandu. Mlandu umafa tsiku limene woweruza waitana mboni koma wodandaula ali kuntchito ku Limbe, woona ndi maso akuopa kudana ndi abale a woimbidwa mlandu, ndipo katundu wobedwayo eni ake anam'tenga kale asanalembedwe ngati umboni. Kuti alipo apolisi ena olandira za m'manja sindingatsutse, ndiponso ndi zoona kuti ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madera amene amayang'anira, moti kuimba 997 usiku wa chiperoni uli kutsidya la mtsinje sikubweretsa galimoto pa nthawi imene ukuifuna. Koma pa anthu asanu ndi mmodzi amene tinali pa mlatho paja, panalibe amene anaimapo m'khoti kuchitira umboni mlandu wa mnzake. Kumenya n'kosavuta, pakuti kumatha usiku womwewo ndipo m'mawa aliyense amati sanaone amene anayamba.

Nkhani yathu inakathera kwa a mfumu, chifukwa mayi a mnyamatayo anakana kupita nayo ku polisi, ati sakufuna kudana ndi anthu amene amawagula masamba. Zikanapita kukhoti, ife ndife tikanayankha mlandu wovulaza munthu, ndipo zikanatiyenera. A mfumu anatigamula kuti tilipire masamba onse, ndalama ya kuchipatala ndi mbuzi imodzi, ndipo anatiuza pamaso pa anthu kuti kuyambira tsiku limenelo thumba lizimasulidwa munthu asanakhudzidwe. A tcheya anawonjezera kuti pagulu lililonse lolondera pazikhala munthu mmodzi wobadwira m'mudzimo, wodziwa nkhope ndi mabanja, popeza zinaoneka kuti usiku umene uja tonse tinali obwera, ndipo anyamata olondera aja tinawalemba kuchokera kumudzi wina chifukwa eni mudzi sitinkawakhulupirira. Dzina la mnyamatayo silinalowe m'buku lililonse la pa kauntala, kotero kuti m'ziwerengero za chaka chimenecho kuthyoledwa kwa nyumba yanga kulimo koma kuthyoka kwa chala chake mulibe.

Batire silinapezeke, njinganso sinapezeke. Chibowo chija ndinatseka ndi simenti, ndipo amene anandithandiza kuponda matope ndi bambo a munda wa nandolo aja, amene tsopano ndimawadziwa dzina ndi mfunda womwe. Ndikalondera masiku ano ndimanyamula tochi ndi wezulo basi, ngakhale kuti anyamata amandiseka kuti ndikadzakumana ndi achifwamba enieni ndidzawaimbira nyimbo. Mwina akunena zoona, chifukwa mwezi wathawu anthu amene wakabaza wina wa kufupi kuno anawanyamula ngati makasitomala anam'khapa ndi kumulanda njinga yamoto, ndipo ameneyo wezulo sakanam'thandiza.

Mnyamata wa masamba uja akudutsabe pa mlatho womwewo katatu pa sabata, chifukwa njira ina yopita kumsewu kulibe. Chala chake chapakati cha kudzanja lamanzere chinapola chokhota, ndipo akamamanga mitolo amachisiya chili chiimire. Tikakumana masana amandipatsa moni wa ulemu, amanditchula kuti abwana, ndipo sanandiuzepo ngati akudziwa kuti chibonga chimene chinam'thyola chinali changa. Usiku, akatsala pang'ono kufika pa mlatho, amayamba kukuwa ali patali kuti, "Ndine wa mpiru! Ndine wa mpiru!" Mkazi wanga akuti amamumva akukuwa choncho ngakhale masiku amvula, pamene a nebahudu onse ali m'nyumba ndipo pa mlathopo palibe munthu.